Kalata kwa bwenzi: galimoto zimene ndakhala nazo

Wokondedwa Achimwene,

Ndalandira kalata yanu, ndipo ndakondwa kumva kuti inu ndi onse apabanja muli bwino kumeneko. Ifenso kuno tili bwino. Funso lanu lakuti kodi ndikadali ndi chidwi ndi galimoto monga kale landichititsa kukumbukira imodziimodzi zonse zimene ndakhala nazo kuyambira pa unyamata. Ndaona kuti galimoto zinkanka zikhala zabwino ndiponso zodalirika, pamene ine mwiniwake ndinkanka ndikulephera kudziwa zimene zikuchitika m'kati mwake.

Yoyamba ija muyenera kuti mukuikumbukira, Volkswagen Beetle imene ndinagula itadutsa kale m'manja mwa anthu angapo. Injini inali kumbuyo, katundu ankakhala kutsogolo pamodzi ndi thanki ya petulo ndi tayala lapadera, ndipo batire linali pansi pa mpando wakumbuyo. Inalibe rediyeta chifukwa injini yake inkazizira ndi mphepo ya fani, ndipo popeza lamba mmodzi yemweyo ndiye ankazungulitsa jenereta ndi faniyo, nyali ya jenereta ikangoyaka muli pa ulendo munkayenera kuima pomwepo, apo ayi injini ikanapsa musanapite patali. Lamba wapadera sankachoka m'galimotomo. Chinanso chimene achinyamata a lero sakhulupirira ndikawauza n'chakuti madzi otsukira galasi lakutsogolo ankatuluka chifukwa cha mpweya wa m'tayala lapadera lija, moti popopa matayala munthu ankakumbukiranso galasi.

Galimoto imeneyi ndiyo inandiphunzitsa kugwira sipanala. Mavavu ake, tizitseko tolowetsa ndi kutulutsa mpweya mu injini, ankafuna kuchunidwa pafupipafupi, ndipo ntchitoyi inkachitika m'mamawa injini isanalizidwe, ili yozizira. Ndinkagona chagada pansi pake, n'kuchotsa chivundikiro chimene chinkagwidwa ndi kawaya kolimba, kenako n'kulowetsa kachitsulo kopyapyala koyezera mpata wa mamilimita 0.15 mpaka kazidutsa mogwiragwira pang'ono, kosathina komanso kosakhwepa. Zala zinkadziwa muyesowo kuposa maso. Pamene fakitale ya ku Puebla m'dziko la Mexico inatulutsa Beetle yomaliza ya mtundu wakalewo mu 2003, zinali zitapangidwa zoposa 21 miliyoni, ndipo ndikukhulupirira kuti eni ake ambiri anagonapo chagada monga ine.

Banja litakula ndinagula Peugeot 504, ndipo pa zonse zakale imeneyi ndiyo ndimailemekeza. Inatuluka mu 1968, inasankhidwa kukhala galimoto yopambana ya chaka cha 1969 ku Ulaya, ndipo mu 1975 inapambana mpikisano wa Safari Rally ku Kenya, umene unkathyola galimoto zambiri zisanafike kumapeto. Ubwino wake weniweni sunali liwiro ayi, koma mmene inkapondera msewu woipa. Masipuling'i ake anali ofewa ndiponso otalika, moti maenje amene ankagwedeza mano m'galimoto zina iyo inkangowameza, ana ali m'tulo kumbuyo. N'chifukwa chake anapitiriza kuilumikiza ku Kenya ndi ku Nigeria mpaka zaka za m'ma 2000, ku France atasiya kale kuipanga. Nayonso inkafuna munthu woimvetsa: kukazizira munkakoka choko, imene imachepetsa mpweya wosakanikirana ndi petulo, musanalize injini n'kuibweza pang'onopang'ono ikatenthera, kabyuleta, yosakaniza petulo ndi mpweya, inkafuna kutsukidwa, ndipo mapointi ndi mapulagi, zothandiza kuyatsa petulo mu injini, ankasinthidwa pa nthawi yake. Zonsezi ndinkachita ndekha, ndipo phokoso lachilendo likamveka ndinkadziwa kumene likuchokera ndisanatsegule boneti.

Imene inabwera pambuyo pake sindiitchula dzina, chifukwa vuto silinali la amene anaipanga koma la amene anaisunga ndisanaigule. Penti inali yonyezimira, koma pansi pake dzimbiri linali litadya kale zitseko ndi popondera. Sinakhalitse pakhomo.

Kenako panabwera Toyota Corolla ya m'zaka za m'ma 1990, ndipo ngakhale ndinakhala nayo nthawi yaitali kuposa ina iliyonse, ndilibe nkhani yoti ndikusimbireni za iyo. Inalibe choko kapena kabyuleta, popeza kompyuta ndiyo inkayeza petulo wolowa mu injini. Ndinkapotokola kiyi, iyo n'kulira, kuzizire kapena kutenthe. Ndinkasintha oyilo, mabuleki ndi matayala basi, ndipo bokosi langa la masipanala linayamba kuchita fumbi. Anzathu akakumana amatamanda galimoto zimene zinkawavutitsa, chifukwa ndizo zinawasiyira zokamba, koma ine ndikaweruza mosakondera ndimati Corolla ija ndiyo inagwira bwino kwambiri ntchito imene munthu amagulira galimoto. Sizodabwitsa kuti dzina limeneli, limene linayamba mu 1966, linali litagulitsa galimoto zoposa 50 miliyoni pofika mu 2021.

Pano ndiyenera kutsutsana nanu pang'ono, Achimwene, pa mawu amene mumakonda akuti galimoto zakale zinali zolimba chifukwa chitsulo chake chinali chochindikala. Chitsulo chosapindika chimapulumutsa galimoto, koma mphamvu yonse ya kugundako imafika kwa munthu amene ali m'katimo. Galimoto za masiku ano amazipanga dala kuti kutsogolo ndi kumbuyo kuzifwanyika, n'cholinga choti pokhala anthu pasaphwanyike. Lamba wodutsa paphewa ndi m'chiuno, amene Nils Bohlin wa ku Volvo anakonza mu 1959, anatenga zaka zambiri kuti anthu amuzolowere, ndipo inu ndi ine tinayenda maulendo ataliatali thanki ya petulo ili kutsogolo kwa mawondo athu, popanda wodandaula. Utsi umene tinkapuma potsamira pa injini unalinso ndi mtovu, ndipo petulo wa galimoto wa mtovuyo anasiya kugulitsidwa pa dziko lonse mu 2021.

Tsopano ndikuyendetsa Toyota Prius, mtundu umene unayamba kugulitsidwa ku Japan mu 1997, wogwiritsa ntchito petulo ndi magetsi pamodzi. Imanyamuka mwakachetechete injini isanalire n'komwe, ndipo ndikaponda mabuleki pang'onopang'ono mota yake imasanduka jenereta n'kumatchaja batire, choncho mabuleki enieniwo amachedwa kutha. Mafuta imamwa ochepa kwambiri poyerekeza ndi 504 ija. Koma ndikatsegula boneti ndimapeza zivundikiro zapulasitiki ndi mawaya aolenji amene amanyamula magetsi amphamvu oti n'kupha munthu, ndipo chimene ndingachite ndi kuona oyilo ndi kuthira madzi a galasi. Nyali yochenjeza ikayaka ndimapita ku galaja, kumene makaniko wachinyamata amalumikiza kachipangizo pansi pa chiwongolero n'kuwerenga vuto pa sikirini. Samvetsera n'komwe kulira kwa injini, ndipo kunena zoona amapeza vutolo msanga kuposa mmene khutu langa linkachitira. Sindingabwerere ku zakale zija ndi adzukulu m'galimoto, ngakhale kuti manja nthawi zina amayabwa kufuna chomasula.

Mwalemba kuti mwana wanu wagula yoyendera magetsi okhaokha. Mukamayankha mundiuze nthawi imene imatenga kuti idzaze mukaitchaja pakhomo, mtunda umene imayenda nyengo yozizira, ndiponso ngati pali chilichonse chimene mwiniwake amaloledwa kukonza yekha, chifukwa ndisanaganize zosintha imene ndili nayoyi ndikufuna kumva kwa munthu amene wakweramo. Mundiperekere moni kwa mayi a kunyumba ndi ana onse.

Ndine bwenzi lanu lakalekale.