Tsegulani maholo a mipingo kuti ana athu azisewera

Akonzi,

Tiloleni tilankhulepo za ana a Amalawi amene akukulira m'mafulati a ku Hillbrow, Berea ndi Yeoville kuno ku Johannesburg. Makolo akalawirira kuganyu, anawa amatsekeredwa m'chipinda poopa zigawenga ndi magalimoto. Ena amayamba kukodza pogona, ena kupsa mtima msanga, ife n'kuthamangira chikwapu. Chonsecho ambiri akungosowa posewera, ufulu umene uli m'gawo 31 la pangano la United Nations la mu 1989 lonena za ana.

Mipingo yokhala ndi maholo iwatsegule Loweruka. Ana 15, akuluakulu awiri, mphindi 45, zakwana. Muziyamba ndi nyimbo yomweyomweyo sabata iliyonse, chifukwa mwana wokhalira kusamukasamuka mtima umakhala pansi akadziwa chimene chikubwera. Kenako jingo, phada kapena fulaye wa mpira wachikulunga. Sizilira ndalama.

Pa nthabwala mpamene ambiri amalakwitsa. Imeneyi ndi ntchito yeniyeni: bungwe la anthu anthabwala lotchedwa Clowns Without Borders analiyambitsa Tortell Poltrona wa ku Spain mu 1993, atakasangalatsa ana othawa nkhondo ku Croatia. Wanthabwala azidzipusitsa yekha. Afunefune chipewa chili pamutu pake, ana azikuwa kuti "Ndi icho! Ndi icho!" Mwana wozolowera kukalipiridwa amaona kuti lero wadziwa kuposa wamkulu, ndipo phwete wake amachokera pamenepo. Koma musamuitanire kutsogolo kuti anzake amuseke, makamaka pa Chichewa chake chosakanikirana ndi Chizulu. Sabata yamawa sabweranso.

Nkhope yonse ya wanthabwala musaipake penti, ang'onoang'ono amaona ngati chilombo. Mphuno yofiira yokha ikwanira. Mabaluni asiyeni, likaphulika limamveka ngati mfuti. Wamkulu asathamangitse mwana pa chipako, pakuti ena anathawapo anthu enieni usiku. Amene waima pakona musamukoke, mupatseni ng'oma aziombera pomwepo mpaka adzalowe yekha.

Mphindi 10 zomaliza onse akhale pansi, wina ayambe "Padangokhala", iwo avomere "Tili tonse". Mukapanda kutero amabwerera kuchipinda chimodzi chija magazi akadali owira, n'kukalandira makofi. Ndipo mwana akaulula za nkhanza mkati mwa masewero, musamupanikize ndi mafunso pagulu. Mutengereni pambali, mumvetsereni, ndipo imbirani bungwe lothandiza ana la Childline pa nambala 116, ndi yaulere.

Ndife,
Aphunzitsi a Sande Sukulu,
Yeoville