Mapu a masewera aziyezedwa ndi miyendo

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko ndi anzanga a muno mu Zomba amene amakhala pa tebulo ndi madayisi kusewera Dungeons & Dragons, masewera a nthano amene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa mu 1974, momwe osewera amayerekeza kukhala gulu la anthu apaulendo ndipo mmodzi amayendetsa nkhaniyo. Mapu amene oyendetsa masewera amajambula ndi okongola ndithu, koma ambiri alibe sikelo yosonyeza kutalika kwa mitunda. Ndiye sabata ino ulendo wa kulinga la mfumu watenga masiku awiri, sabata yamawa ulendo womwewo masiku asanu, mkangano nkubuka.

Malamulo a masewerawa a mu 2014 sanabise mawu. Gulu loyenda bwinobwino maola 8 limatha mamailosi 24 patsiku, omwe ndi makilomita pafupifupi 39. Likathamanga ndi 30, likamayenda mozemba ndi 18. Malo ovuta, monga dambo kapena nkhalango yowirira, amadula mtundawo pakati.

Manambalawa amamveka mukawaika pa msewu umene mumaudziwa. Kuchoka mu Zomba kukafika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 65. Gulu lanu lonyamula malupanga likanyamuka mbandakucha lidutsa Thondwe ndi Namadzi, ligona panjira, likafika mawa lake. Choncho mizinda iwiri imene mukuti yatalikirana ulendo wa sabata, pakati pake payenera kukwana misewu ya ku Blantyre inayi, pamodzi ndi midzi, zitsime ndi misika yake. Nanga anthuwo azidya kuti?

Kajambulidwe kake sikovuta. Pa mapu a ufumu, kabokosi kalikonse ka mbali 6 kaimire mamailosi 6, ndiye timabokosi tinayi ndi tsiku limodzi. Ngati mulibe pepala la timabokosi, tengani ulusi, muuyendetse motsatira kukhotakhota kwa njira, kenako muuwongole pa rula. Kungoika rula molunjika ndi kumene kumanamiza anthu. Amene anakwerako ku Chawe akudziwa: pa mapu Potato Path, njira yapansi yokwera phiri la Zomba, imaoneka yaifupi kuposa msewu wa galimoto wokhotakhota uja, koma mawondo amanena zina. Njira ya m'phiri muziiwerenga kawiri.

Msampha wina uli pa makina a fotokope. Mukalemba kuti sentimita imodzi ndi mamailosi 6, kenako nkuchepetsa mapu kuchoka pa A3 kupita pa A4, chilichonse chimatsika kufika pa 71 peresenti, koma mawu aja sasintha. Ulendo wa masiku 10 umasanduka wa masiku 7 popanda wina kuzindikira. Jambulani kamzere ka sikelo pa mapu pomwepo kuti kazichepa limodzi ndi mapiri ndi mitsinje.

Tsono pali aja okonda kunena kuti "buku likuti". Mabukuwo nawo amatsutsana. Mapu a Forgotten Realms, dziko lopeka la m'masewerawa, atajambulidwanso mu 2001, madera ena anapanikizidwa, moti wa buku lakale ndi wa latsopano akhoza kupeza mitunda yosiyana onse asakunama. Ine ndikuti woyendetsa masewera asankhe mapu amodzi tsiku loyamba, agule kope la masamba ochepa, ndipo ulendo uliwonse ukayendedwa alembe: kuchoka pakuti kufika pakuti, masiku angati, nyengo yanji. Zolembedwa m'kopemo zikhale lamulo la tebulo limenelo, ngakhale buku lochokera ku America litanena zina.

Nyengoyo musaiiwale. Nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1995 ndi mu 2018, anthu nkumayenda pansi pamene pankadutsa mabwato. Mtsinje wa Likangala ukadzaza mu Febuluwale, pamene mumawolokera mu Okutobala sipaoneka. Ngati mukufuna kuti ulendo wa masiku awiri utenge asanu, auzeni osewera kuti mtsinje wasefukira ndipo mlatho uli mamailosi 36 kumtunda. Kupita ndi kubwerera ndi masiku atatu owonjezera, ndipo aliyense atha kuwerenga yekha pa mapu.

Woyendetsa masewera,
Chinamwali, Zomba