Chitini cha mankhwala chinandichititsa manyazi

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani yosunga zipangizo za chithandizo choyamba m'nyumba, chifukwa zimene zinandionekera mwezi watha sindikufuna zionekere wina.

Mdzukulu wanga wa zaka zinayi anagunda poto wa phala pa mbaula, phala n'kumutayikira pa mwendo. Anansi anathamangira, aliyense ndi nzeru zake: uyu akuti mupakeni Colgate, uyu dzira laliwisi, wina mafuta ophikira. Zonsezi ndinakana. Ndidakali pa uphunzitsi, a Red Cross anatiphunzitsa kuti pamene papsa pamafunika kuthirapo madzi ozizira kwa mphindi 20, kenaka n'kuphimbapo ndi nsalu yoyera. Madziwo ndinathiradi, mwana akulira, ine mtima uli m'mwamba.

Manyazi anandigwira nditatsegula chitini cha mabisiketi chomwe ndimasungiramo mankhwala. Bandeji munalibe, anamangira bondo mwana wanga wamwamuna atavulala ku mpira, osandiuza. Sizasi inapita kukameta anyamata, sinabwererenso. Panado wamadzi wa ana anali atapyola tsiku lake chaka chatha, botolo litachita kumatirira. Chomwe chinadzaza m'chitinimo ndi mapiritsi otsalira opanda mayina, ena atasanduka ufa. Mapeto ake ndinang'amba chitenje chochapa, n'kuthamangira naye kuchipatala pa kabaza.

Ndinkadziona ngati wokonzeka chifukwa chitinicho chinalipo, chonsecho ndinali ndisanachitsegule kwa miyezi yambiri. Pano ndimachitsegula tsiku loyamba la mwezi uliwonse, n'kuwerenga madeti. Ndaikamo bandeji, thonje, pulasitala, magolovesi, sopo, Panado ndi mapaketi a Thanzi ORS. Mapaketiwa sindichita nawo chibwana. Amene anaona kolera imene inabuka mu 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 akudziwa mmene kutsekula m'mimba kumafoolera munthu usiku umodzi wokha. Paketi ikasowa, mumasungunula masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa. Zimenezi ndazilemba pa pepala n'kumata mkati mwa chivindikiro, poti pa nthawi ya mantha mutu sugwira.

Ndidandaulenso za amayi anzanga amene amasunga LA wotsala kuti adzamwetse mwana wina thupi likadzatentha. LA satsala, amayenera kutha yense, ndipo malungo amayamba ayezedwa kaye kuchipatala. Aspirin naye si wa ana.

Chitinicho ndachichotsa pawindo pomwe dzuwa limawomba, ndachikweza pamwamba pa kabati pomwe ana safika. Sizasi yatsopano ndaimangirira ndi chingwe, ofuna kumeta akagule yawo.

Mphunzitsi wopuma,
Ntcheu