Udokotala wa asilikali usadzere kwa andale

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule za chizolowezi chakuti munthu akafuna udokotala m'gulu la asilikali, amayamba wathamangira kwa wandale kuti akamulankhulire. Mayeso ndi luso zimabwera pambuyo.

Vutoli si la lero. Pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America, kuyambira 1861 mpaka 1865, abwanamkubwa ndiwo ankasankha madokotala a magulu ambiri a asilikali ongodzipereka, ndipo ena analowa chifukwa chodziwana ndi akuluakulu basi. Pafupifupi asilikali awiri mwa atatu alionse amene anafa pankhondoyo anaphedwa ndi matenda monga kamwazi ndi tayifodi, osati zipolopolo. Zoona, nthawiyo ngakhale akatswiri sankadziwa bwino za tizilombo toyambitsa matenda. Komabe William Hammond atakhala mkulu wa zachipatala za asilikali mu 1862, anaona kuti mayeso a madokotala ayenera kukhwima.

Munthu wamba akakayikira dokotala amapita kwina. Msilikali alibe mwayi umenewo, amalandira amene wapatsidwa. Nanga dokotala wolowera pa dzina la wandale, tsiku lomwe bwanayo adzamuuze kuti asayinire mphwake wodwala kuti ndi woyenera usilikali, adzakana bwanji?

Ine wanu,
Wokhudzidwa