Kalata kwa mnzanga wa ku Zomba

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno ku Mbare, mu mzinda wa Harare ku Zimbabwe, tilipo, zamagetsi zokha ndi zomwe zija munazisiya.

Munafunsa ngati zokonza apolisi ndi asilikali zikuyenda kuno. Papepala zinayamba kalekale. Malamulo aakulu a dziko a 2013, pa gawo 208, amaletsa achitetezo kukondera chipani, ndipo gawo 210 likuti pakhale bungwe loima palokha lomva madandaulo a anthu amene achitetezo awalakwira. Koma lamulo lokhazikitsa bungwelo linadzabwera mu 2022, patatha zaka 9. Tikudikira choncho, pa 1 Ogasiti 2018 asilikali anawombera anthu m'kati mwa tauni, 6 n'kufa. Komiti ya a Kgalema Motlanthe, mtsogoleri wakale wa dziko la South Africa, inafufuza n'kulangiza kuti mabanja apepesedwe. Lipoti lisanagwire n'fumbi lomwe, mu Januwale 2019 mfuti zinaliranso pa zionetsero za kukwera mtengo kwa mafuta.

Bungwelo ndi lofunika ndithu, pajatu fisi akakudyera mbuzi sukasuma kwa fisi mnzake. Chondidetsa nkhawa ine ndi anthu athu. Makolo athu anabwera kuchokera ku Malawi kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi, ana awo obadwira konkuno n'kumayenda ndi zitupa zowatchula kuti alendo mpaka malamulo a 2013 aja anawatsegulira khomo la unzika. Munthu wokula chotero akaona yunifomu amangozolika. Pali agogo ena oyandikana nafe, amagulitsa tomato ku Musika, msika waukulu wa kuno ku Mbare, chitupa chawo chachitsulo amachikulunga m'kansalu n'kumangirira kunsonga kwa chitenje. Nditawafotokozera za bungweli anaseka, nkuti: "Mwana wanga, ndikakadandaula m'mawa, usiku adzandilondera ndani?" Funso limenelo lamulo palokha silingaliyankhe. Adzakhulupirira tsiku limene adzaone wayunifomu ataima m'bokosi kukhoti, wodandaulayo n'kugona m'nyumba mwake.

Kwanuko munaonako zina. Mu Disembala 1993 asilikali analanda zida Apayoniya pa Operation Bwezani, ndipo mu 2020 amayi a ku Msundwe anapambana kukhoti pa nkhanza za apolisi. Nanga bungwe lanu la madandaulo lija, la m'lamulo la apolisi la 2010, anthu akumudzi amapitako? Mundiuze zimene mukuona ndi maso, osati za pa wailesi.

Mupereke moni kwa amayi.

Ndine mnzanu,
wa ku Mbare