Dzino likayamba kuwawa, musadikire kuti tsaya litupe

Akonzi,

Anthu ambiri opanda inshuwalansi ngati ya MASM amangopirira dzino poganiza kuti alibe kolowera. Zipatala za boma, kuyambira za m'maboma mpaka Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba ndi Mzuzu, zimathandiza odwala mano mwaulere. Lawirirani m'mamawa ndi buku lanu lakuchipatala chifukwa mzere umatalika. Zina za mishoni zimalipiritsa, koma motsikirapo poyerekeza ndi zapulayiveti.

Chomvetsa chisoni n'chakuti ambiri amafika dzino litaoleratu. Kabowo kakadali kakang'ono, kongonyerenyetsa mukamwa madzi ozizira, madokotala amakamata, dzino n'kupulumuka. Kuwola kukafika pamtsempha, kawirikawiri chotsala n'kuzula basi.

Podikira thandizo, sungunulani theka la kasupuni ka mchere m'kapu ya madzi ofunda, muzichukucha m'kamwa, n'kumwa panado. Musaike asipirini pankhama, amawotcha. Tsaya likatupa mpaka kudiso kapena kukhosi, kumeza n'kumavuta, thamangani tsiku lomwelo chifukwa mafinya akufalikira.

Mukazulitsa, lumani thonje mphindi 30. Tsiku limenelo musachukuche kapena kusuta fodya, kuopa kuti magazi oundana otseka bala angachoke.

Wowerenga wanu,
Zomba