Kwa NaBanda, ku Johannesburg

Mnzanga NaBanda,

Kalata yako yafika pamodzi ndi chitenje, ngakhale mtundu wake ndi womwe uja umadziwa kuti sundikhala. Ukwati wa Tadala unayenda bwino, koma mpunga unatha ife akuchikazi tisanadye, ndipo aphungu mpaka lero sanapepese.

Koma iwe, kavidiyo ka chifanizo cha Amayi Maria cholira magazi, kamene unatumizira make Chisomo, ukudziwa moto umene wayatsa kuno? Kazungulira limana lonse. Iwe sunasinthe, chilichonse chofika pa WhatsApp umangokankhira kwa anzako usanafunse! Nkhani za zifanizo zolira ngati zimenezi Mpingo umazifufuza. Ku Trevignano, kufupi ndi Rome, mayi wina, Gisella Cardia, ankati chifanizo chimene anagula ku Medjugorje, malo amapemphero ku Bosnia, chikulira magazi, ndiponso kuti chakudya chinachuluka chokha m'mbale. Anthu ankakhamukirako mwezi ndi mwezi, ena n'kumapereka ndalama. Ambuye Marco Salvi, episkopi wa deralo, anaika akatswiri kuti aunike, ndipo mu Malichi 2024 analengeza kuti palibe chochokera kumwamba. Ku Vatican anagwirizana nawo.

Chimene chikundisowetsa tulo ndi azakhali. Pamsika pabwera mnyamata wogulitsa mafuta m'timabotolo totsekera ndi pepala lapulasitiki, akuti ndi otuluka m'chifanizo. Azakhali agula, ndipo mapiritsi awo a BP asiya. Mapiritsiwo ndinawapeza ali mumphika wakale pamwamba pa kabati, paketi yosatsegula n'komwe, kabotolo kaja atakamangirira kukolona. Miyendo yatupa, nsapato sizikulowa. Ndikawalankhula akuti ndilibe chikhulupiriro. Ine, amene ndimawaperekeza ku Misa ya m'mawa mvula ikugwa?

Ndinawauza za ku Lourdes, ku France, kumene odwala amapita kukapempha machiritso kwa Amayi Maria. Kumeneko kuli ofesi ya madokotala kuyambira 1883, ndipo pa anthu opitirira 7,000 amene ananena kuti achira, Mpingo wavomereza oposa 70 pang'ono chabe. Amafuna mapepala akuchipatala, amafuna kuona kuti matenda analipodi, kuti kuchirako kunali kwadzidzidzi ndi kwathunthu, kenaka n'kudikira zaka kuti aone ngati sabwereranso. Ku Utah, ku America, mu 2015 Ukaristia woikidwa m'madzi unafiira, anthu n'kumati magazi, dayosizi itapima inapeza kuti ndi nkhungu yofiira ya pamkate. Ngakhale ku Kibeho, ku Rwanda, zinayamba mu 1981 koma kuvomereza kunabwera mu 2001, ndipo kwa atsikana atatu okha mwa ambiri amene ankati akuona masomphenya. Kuyambira Meyi 2024 episkopi sangagamulenso yekha, ayenera kudutsa ku Rome. Nanga mnyamata wapamsika uja anapimidwa ndi yani?

Azakhali anangoti, "Zimenezo n'za azungu." Bambo mfumu alonjeza kudzawaona, koma njinga yawo yamoto inafa. Iwe ndiye amakumvera, chifukwa cha nsapato zija unawagulira. Chonde uwaimbire Lamulungu likudzali, uwauze kuti kupemphera ndi kumwa mankhwala sizidana. Usatchule kuti ndakutuma ndine.

Magetsi azimanso, kandulo yatsala kachidutswa. Za mbuzi yako ija aNgozo anabwereka, ndimati ndikuuze kuti